Tifunseni za Kompyuta: Kamzere kolembera kakungodumphadumpha

FUNSO

Zikomo bambo wa tsamba la makompyuta. Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Chamama. Chaka chatha ndinagula laputopu yakale ku Lilongwe kuti ndizitayipira mayeso ndi masikimu. Imagwira bwino ntchito, koma ndikamatayipa, kamzere kaja kamene kamaphethira posonyeza pomwe chilembo chigwere kamangochoka pamalo pake. Ndikadzutsa mutu ndimapeza mawu a funso 7 atalowa pakati pa funso 3. Tsiku lina ndime yathunthu inasanduka yabuluu, kenako inangosowa. Mnyamata wina wokonza mafoni kuno akuti ndi vairasi, ndimulipire aifomate. Mayeso a teremu ino ayandikira ndipo zonse zili m'menemo. Ndichite bwanji?

Mphunzitsi, Chamama, Kasungu

YANKHO

Aphunzitsi, musafomate. Pa benchi yanga pano pa Kasungu boma vuto mwafotokozali limabwera kawirikawiri, makamaka ndi aphunzitsi anzanu, alembi a mipingo ndi ana asukulu olemba malipoti. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amafika atalipira kale ndalama yofomatira, mafayilo atapita, vuto lili pomwepo. Mnyamatayo sindikumunyoza, mwina ndi pomwe nzeru zake zafika. Koma kufomata laputopu chifukwa cha vuto ili n'chimodzimodzi kuzula dzino labwino, lobooka n'kulisiya.

Musanachite china chilichonse, kopani mayesowo pa fulashi lero lomwe. Mukatero mtima ukhala m'malo, ndipo zotsalazi mutha kuziyesa mosathamanga.

Tsopano taonani manja anu mmene mumawaikira potayipa. M'munsi mwa kiyibodi muli kabwalo kosalala kaja kamene mumayendetsapo chala, ka touchpad. Kameneka sikadikira kuti mukapsinje. Kamamva khungu la munthu kudzera m'timagetsi tochepa kwambiri, ndiye ngakhale mutangokakhudza pang'ono chabe, iko kamva kale. Chala chachikulu chikamapita kukamenya batani lalitali lija losiyira mpata, kapena chikhatho chikatsika chifukwa dzanja latopa, chimakhudza m'mphepete mwa touchpad inu osadziwa. Laputopu imatenga kukhudzako ngati mwadina dala. Ndipo kudina kulikonse kumasamutsira kamzere kolembera pamene pali kamuvi ka pa sikirini nthawi imeneyo. Ngati kamuvi munakasiya pa funso 3, mawu anu onse otsatira akagwera pa funso 3.

Za ndime inasowa ija, n'zomwezo. Chikhatho chinagunda kenako n'kukwekwereza, ndiye laputopu inaona ngati mukusankha mawuwo, n'chifukwa chake anasanduka abuluu. Mawu akasankhidwa chotero, chilembo chilichonse chimene mungadine chimalowa m'malo mwa onsewo. Zikadzachitikanso, musatseke fayilo ndipo musaseve. Gwirani batani la Ctrl n'kudina Z. Dinani kangapo mpaka ndimeyo ibwerere. Mabatani awiri amenewa aphunzitseni ngakhale ana a Fomu 1.

Kuti mutsimikize kuti ndi chikhathodi, dulani kachidutswa ka katoni yochindikala, monga ya sopo, kokwana kuphimba touchpad yonse. Pepala wamba silithandiza, chifukwa touchpad imamvabe dzanja kudutsa pepala lopyapyala. Mamatizani katoniyo ndi selotepi m'mbali, tayipani tsamba limodzi lathunthu. Kamzere kakakhazikika, mwapeza gwero lake popanda kulipira munthu.

Katoniyo simungakhale nayo mpaka kale, ndiye tiyeni ku Settings. Gwirani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows n'kudina I. Ngati muli ndi Windows 10, lowani pa Devices, kenako Touchpad. Pa Windows 11 ndi pa Bluetooth & devices, kenako Touchpad, n'kutsegula pomwe palembedwa Taps. Pamenepo mupeza Touchpad sensitivity, pomwe mungasankhe pakati pa Most sensitive, High, Medium ndi Low. Ikani pa Low sensitivity. Zikatero touchpad imachedwerako kuyankha mukangomaliza kudina chilembo, ndipo kugunda kwangozi kwambiri imakunyalanyaza.

Ine ndimapitirira pamenepo. M'munsi mwake muli timabokosi tochonga. Chotsani chochonga pa Tap with a single finger to single-click, komanso pa Tap twice and drag to multi-select. Mukatero, kugunda pamwamba pa touchpad sikukhalanso kudina. Kuti mudine muyenera kupsinja batani lenilenilo, kapena ngodya yakumanzere ya m'munsi ngati touchpad yanu ilibe mabatani apadera. Masiku oyamba chala chimaiwala n'kumagundabe, koma chimazolowera msanga. Kwa munthu wotayipa masamba ambiri ngati inu, iyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, chifukwa ngakhale chikhatho chitasuntha kamuvi, kamzere kolembera sikachoka popanda kudina.

Malaputopu ena akale saonetsa timabokosi timeneti. Ngati yanu ili choncho, pa tsamba lomwelo fufuzani Additional settings. Patuluka kawindo ka Mouse Properties, ndipo chakumapeto kwake kumakhala gawo la kampani yomwe inapanga touchpad, kawirikawiri Synaptics kapena ELAN. Pa Synaptics yang'anani PalmCheck, n'kukokera kachizindikiro kake chakumtunda. Amene akadali ndi Windows 7 amafika pomwepa kudzera ku Control Panel, kenako Mouse. M'kawindo komweko muonanso pena polembedwa Hide pointer while typing. Ambiri amachonga pamenepo n'kumayesa athana nazo, koma ntchito yake n'kungobisa kamuvi kuti musakaone. Touchpad imakhala ikugwirabe ntchito.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchione, poti laputopuyo munagula yakale. Ogulitsa ambiri amaikamo Windows yatsopano mothamanga, osaikamo driver yake ya touchpad, ndiye kuti kapulogalamu kamene kamaphunzitsa Windows kulankhulana bwino ndi chipangizocho. Popanda driver yoyenera, Windows imaiona touchpad ngati mausi wamba, ndipo nzeru yosiyanitsa chala ndi chikhatho imakhala palibe. Dinani Start ndi batani lakumanja, sankhani Device Manager, tsegulani Mice and other pointing devices. Mukapezamo mawu akuti PS/2 Compatible Mouse okha, popanda dzina la Synaptics, ELAN kapena Alps, ndiponso pa Human Interface Devices palibe potchula touch pad, driver ndiyo ikusowa. Tembenuzani laputopu, werengani dzina ndi nambala ya mtundu wake pa kapepala ka pansi, pitani pa webusaiti ya kampani imene inaipanga mukatenge driver ya touchpad. Siidya bandulo yambiri. Musatenge pa mawebusaiti ena aja olonjeza kukonza madriver onse nthawi imodzi, chifukwa kumeneko ndiye kumachokeradi mavairasi. Mwaonatu apa kuti kufomata nthawi zina ndiko kumabweretsa vutoli m'malo molichotsa.

Ngati mumatayipira pa tebulo nthawi zonse, gulani mausi yachingwe. Pa tsamba lija la Touchpad, malaputopu ambiri ali ndi kabokosi kakuti Leave touchpad on when a mouse is connected. Chotsani chochongacho, ndipo touchpad izizima yokha mukalumikiza mausi, n'kuyakanso mukaizula. Ena ali ndi batani lozimitsira pamzere wapamwamba wa kiyibodi, lojambulidwa kabwalo kodulidwa ndi mzere, lodinidwa pamodzi ndi Fn. Pa Acer nthawi zambiri ndi F7, pa Asus ndi F9. Ma HP ena akale amazima mukagunda kawiri pa ngodya yakumanzere ya pamwamba pa touchpad, ndipo pamayaka kanyali kachikasu. Mukazimitsa touchpad mulibe mausi pafupi, musade nkhawa. Dinani batani la Windows, tayipani mawu akuti touchpad, dinani Enter, yendani ndi batani la Tab mpaka mufike poyatsira, n'kudina batani lalitali lija.

Zimene ndanena mpaka apa n'zosaopsa. Koma ngati mwaphimba ndi katoni, kapena mwachotseratu manja, kamuvi n'kumanjenjemerabe kapena kudina kokha, pali zinthu ziwiri zimene sindifuna muzitenge mopepuka.

Choyamba ndi tchaja. Zulani tchaja, tayipani ndi batire lokha. Kamuvi kakadekha, n'kuyambiranso misala mukalumikiza, vuto lili ku magetsi olowa. Paja ndati touchpad imamva timagetsi tochepa kwambiri ta pakhungu. Tchaja ikamatulutsa magetsi osasefeka bwino, touchpad imasokonezeka n'kumaona zala pomwe palibe. Izi ndimaziona kwambiri ndi matchaja otchipa ogulidwa pamsika, aja opepuka m'manja okhala ndi timitu tambirimbiri tosinthasintha. Ndimazionanso kwa anthu a kumidzi ogwiritsa ntchito sola ndi inveta yaing'ono yotchipa, kapena jenereta, ndipo ku Chamama kwanuko n'kutheka kuti mumatchajira pa zoterezi. Soketi zathu kuno ku Malawi ndi za mabowo atatu, magetsi ake ndi 230 volts, ndipo bowo lapamwambalo ndi la waya wa earth wopita pansi. Ma ekisitenshoni ambiri otchipa mukawatsegula mupeza waya ameneyu mulibe, bowo langokhala lokongoletsa. Ena amatenga pulagi ya mano awiri n'kuikakamiza mu soketi ya mabowo atatu potsegula ndi kamtengo. Ngati mukakhudza chitsulo cha laputopu ili pa tchaja mumamva kunyerenyetsa m'chala, dziwani kuti earth palibe kapena tchajayo yatha.

Yesani soketi ya pakhoma mwachindunji, osadzera pa ekisitenshoni. Bwerekani tchaja yeniyeni ya mtundu womwewo kwa mnzanu muone ngati zisintha. Pogula ina, werengani manambala olembedwa pansi pa laputopu. Ambiri amafuna 19, 19.5 kapena 20 volts, ndipo tchaja iyenera kufanana nawo ndendende. Ma amps angapose pang'ono koma asachepere. Tchaja yoipa siimathera pa kudumphitsa kamuvi. Imapha batire, ndipo tsiku lina ikhoza kuwotcha bodi yonse ya m'kati mwa laputopu, imene mtengo wake nthawi zambiri umayandikira wa laputopu ina.

Chachiwiri ndi batire, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa. M'malaputopu opyapyala a masiku ano batire silikhala kumbuyo kochotseka ngati kale. Limakhala m'kati, lophwatalala, pansi penipeni pa touchpad. Batire la lithium likakalamba kapena likamatenthedwa kwambiri limapanga mpweya m'kati mwake n'kutupa. Likatupa limakankha touchpad kuchokera pansi, ndiye imayamba kudina yokha kapena kulimba osadinika. Mayi wina wa ku Mtunthama anabwera ndi laputopu akudandaula za kamuvi basi. Nditaiika pa galasi la kauntala inkagwedera ngati ili ndi mwala pansi. Nditayang'ana cham'mbali, touchpad inali itatukuka mbali imodzi moti chikhadabo chinkalowa pansi pake, ndipo msoko wa pulasitiki kutsogolo unali utayasama. Titamasula zomangira, chivundikiro chinadzikankha chokha.

Chitani chimodzimodzi. Ikani laputopu pa tebulo losalala muone ngati yakhazikika ndi miyendo yonse inayi. Yendetsani chala m'mphepete mwa touchpad mumve ngati yakwera kuposa pulasitiki yoizungulira. Tsekani chivundikiro muone ngati chikutsekeka bwinobwino. Mukaona chizindikiro chimodzi mwa zimenezi, zimitsani, zulani tchaja, ndipo musaitchajenso mpaka batire litachotsedwa. Musaipsinje kuti ibwerere m'malo. Musaboole batirelo kuti mpweya utuluke, chifukwa likabooka limatha kuyaka moto waukali wovuta kuzimitsa, ndipo utsi wake ndi woipa. Lochotsedwalo musalitaye kudzala kumene mumatenthako zinyalala, komanso lisakhale pofikira ana. Malaputopu ambiri amagwira ntchito ndi tchaja yokha batire litachotsedwa, ndiye mayeso anu mutha kumaliza podikira lina, kungoti muziseva pafupipafupi chifukwa magetsi akangothima nayonso ithima.

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno ku Kasungu sikuchitira chifundo mabatire. Musamaike laputopu pa matiresi kapena pa bulangete, chifukwa timabowo totulutsira mpweya timatsekeka. Musaisiyenso m'galimoto yotseka padzuwa. Nyengo yomweyo manja amachita thukuta, ndipo kadontho kamodzi pa touchpad n'kokwanira kuisokoneza. Kwa inu aphunzitsi onjezanipo fumbi la choko ndi mafuta odzola. Zimitsani laputopu, pukutani touchpad ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, kofinyidwa bwino, dikirani iume. Madzi musathire mwachindunji.

Nanga vairasi? Sindinganene kuti n'zosatheka, koma vairasi siidikira kuti muyambe kutayipa kuti isunthe kamzere. Ngati mtima sukukhazikika, tsegulani Windows Security imene ili kale mu Windows 10 ndi 11, sankhani Virus & threat protection, yendetsani Full scan. N'zaulere. Zonsezi zikakanika, n'kutheka kuti kachingwe kopyapyala kolumikiza touchpad ku bodi kamasuka kapena touchpad yeniyeniyo yafa. Pamenepo ndiye pofunika wokonza, koma mumuuze zonse mwayesa kale, ndipo muumirire kuti mafayilo anu asakhudzidwe. Kusintha touchpad sikufuna kufomata.

FUNSO

Ndine mlembi wa gulu la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mkanda. Ndikamalowetsa makilogalamu a mamembala mu Excel pogwiritsa ntchito manambala a kudzanja lamanja la kiyibodi, nambala siilembeka. M'malo mwake kabokosi kamangothawira m'mwamba kapena m'mbali. Zayamba sabata yatha mwana wanga ataseweretsa laputopu. Kodi waiwononga?

Mlembi wa gulu, Mkanda, Mchinji

YANKHO

Mayi kapena bambo mlembi, mwanayo musamukalipire, sanawononge kanthu. Wangodina batani lolembedwa Num Lock kapena NumLk, limene lili pamwamba pa manambala omwewo. Mabatani a mbali imeneyo ali ndi ntchito ziwiri. Num Lock ikayaka amalemba manambala. Ikazima amasanduka oyendetsera: 8 amakweza m'mwamba, 2 amatsitsa, 4 amapita kumanzere, 6 kumanja, 7 amathamangira koyambirira kwa mzere, pomwe 9 ndi 3 amadumpha tsamba lathunthu. Mukayang'anitsitsa pa mabataniwo muona timivi tating'ono tojambulidwa m'munsi mwa manambala. Dinani Num Lock kamodzi, zibwerera.

Koma chonde bwererani m'kaundula wanu wa sabata yonseyi. Pamene kabokosi kankathawa, n'kutheka kuti makilogalamu ena munawalemba pa dzina la munthu wina osazindikira. Fananizani ndi zimene zili m'buku la pamanja musanayambe kugawa ndalama, chifukwa nkhani ya sikelo ndi ndalama imaswa magulu.

Amene muli ndi malaputopu aang'ono opanda manambala a pambali, batani lomweli limachita zosiyana pa mitundu ina. Likayaka, zilembo U, I, O zimalemba 4, 5, 6, ndipo J, K, L zimalemba 1, 2, 3. Mukaona dzina lanu likutuluka ndi manambala pakati, gwirani Fn n'kudina NumLk.

FUNSO

Achimwene, ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pa Kamwendo. Laputopu yanga ili ndi kabatani kofiira pakati pa kiyibodi. Nthawi zina kamuvi kamayenda kokha pang'onopang'ono kulowera ku ngodya ya sikirini ngakhale sindinakhudze paliponse. Touchpad ndinazimitsa kale ndipo ndimagwiritsa ntchito mausi. Makasitomala ena ayamba kunena kuti makinawa ali ndi zamatsenga.

Wabizinesi, Kamwendo, Mchinji

YANKHO

Achimwene, auzeni makasitomala anu kuti mitima ikhale pansi. Kofiirako si batani wamba, ndi kachipangizo kena koyendetsera kamuvi, kokhala pakati pa zilembo G, H ndi B. Pa ThinkPad amakatcha TrackPoint, ndipo ma Dell Latitude ndi HP EliteBook ena alinso nako, kungoti mtundu wake ndi wina. Kuzimitsa touchpad sikuzimitsa iko. Kamagwira ntchito pomva mphamvu imene chala chikukankhira, ndipo nthawi ndi nthawi kamadziyeza kokha kuti kadziwe pamene pali pakati. Kakadziyeza chala chili pomwepo, kapena laputopu ikatentha, kamalakwitsa n'kumaona ngati wina akukakankhabe. Mukaona kamuvi kakuyenda, chotsani manja kwa masekondi angapo osalimbana nako, kaima kokha.

Ngati zikuchitika pafupipafupi, zulani kachipewa kofiirako, kamachoka mukakakoka ndi zala. Pansi pake pamadzaza fumbi, ndipo pa shopu ya m'mbali mwa msewu ngati yanu fumbi silisowa. Pukutani, bwezerani bwinobwino mpaka kakhale pansi. Potayipa mothamanga chala cholozera chimakagundanso popita pa G kapena H, ndipo mabatani ake ali m'munsi mwenimweni mwa batani lalitali, pamene chala chachikulu chimagwera. Poti inu muli ndi mausi, kazimitseni. Pa ThinkPad zambiri zimatheka mu Mouse Properties, kapena mu BIOS, tsamba la zosintha za makinawo limene limatseguka Windows isanayambe, podina F1 laputopu ikangoyaka, n'kupita pa Config, kenako Keyboard/Mouse. Mu BIOS musinthe chokhacho, zina zonse muzisiye mmene zilili.

Onaninso mausi yanuyo. Ngati pa kauntala panu pali galasi kapena pulasitiki yonyezimira, kuwala kwa pansi pa mausi kumasokonezeka ndipo kamuvi kamanjenjemera. Ikani pepala losanyezimira kapena kabuku pansi pake. Ndipo yang'anani m'mabowo onse a USB ngati mulibe kachidutswa kakang'ono ka mausi yopanda chingwe kamene munaiwala. Mausi yoteroyo ikakhala yoyaka m'dirowa kapena m'chikwama, ikagwedezeka kamuvi kamayendanso pa sikirini.